Pijo Yopanda Kilatchi

Afaf anaponda moto. Injini inakuwa. Galimoto sinasunthe.

Anapondanso. Kulira kokhakokha, ngati ng'ombe yomangirira pamtengo.

Anali pamphambano ya msewu wopita kumanda, Lachinayi loyamba chimwalirire bambo ake. Kumbuyo kunali madengu awiri a buledi wokagawira osauka pamanda. Pakati pa madenguwo anakhala Medhat, mlongo wake wamng'ono, mawondo ali pachibwano. Kutsogolo kunali Howayda, mkazi wa Medhat, atafumbata chigubu cha madzi okawaza pamanda.

Mahutala anayamba.

"Mayi, tulo ndi kunyumba!" anakuwa wa tukutuku, kanjinga kamoto ka matayala atatu.

"Isiyeni pomwepo," anatero wa minibasi. "Kumanda yafika kale imeneyo."

Medhat anatulutsa mutu pawindo. "Pakamwa pakopo! Tili pamaliro ife."

"Mulungu awachitire chifundo, bwana. Koma sunthani."

Medhat anatsika. Amuna atatu anasiya khofi wawo nabwera kudzathandiza. Anaikankha Pijo yoyerayo mpaka pafupi ndi wogulitsa madzi a nzimbe. Afaf anazimitsa injini, natenga ndodo yake. Atatsika, chitsulo cha m'bondo lakumanzere chinalira. Poliyo anamugwira ali ndi zaka ziwiri. Tsopano anali ndi makumi anayi ndi chimodzi. Mwendowo sunakule naye limodzi.

"Ndikuitanireni tukutuku, Abla?" Medhat ankamuitana choncho, ngati mmene amamuitanira ana a kusukulu kumene amaphunzitsa masamu.

"Ndiyenda."

Anayenda. Ndodo, phazi, chitsulo. Njira ya m'manda ndi mchenga wokhawokha. Pofika iye, madengu anali opanda kanthu. Madzi amene Howayda anawaza anali atauma kale.

*

Galaja ya a Usta Shenouda ili kuseri kwa siteshoni ya sitima. A Usta ndi malemuwo, a Hagg Abdel-Sattar, anali mabwenzi kwa zaka makumi atatu. Wina wa kutchalitchi, wina wa kumzikiti. Masiku onse atatu a chipepeso a Usta anakhala pampando umodzi, kumwa khofi wowawa wa pamaliro, osalankhula ndi munthu.

Anasolola kachitsulo koyezera mafuta a m'giyabokosi. Ananunkhiza. Anapaka pachala, nachionetsa kwa Afaf.

"Awa amayenera kufiira ngati chidede. Taonani."

Anali akuda. Munali tizitsulo tonyezimira.

"Ikonzeni," anatero Afaf.

"Mwana wanga, mu Tanta muno munali munthu mmodzi wodziwa m'mimba mwa chinthu ichi. Tinamuika Loweruka. Ankabwera ndi zida zake, kubwereka dzenje langa, n'kundithamangitsa ine pagalaja panga. 'Shenouda, kamwe tiyi, manja ako ndi a ngolo za abulu.' Zaka ziwiri zapitazi ankangoitsitsimutsa ngati wodwala wa kayakaya. Tsopano mulibe chotsala. Zonse zadyana."

"Pezani ina."

"Ya otomatiki, ya Pijo ya mu 1978? Ndaimba ku Cairo. Ndaimba ku Alexandria. Wina wandifunsa ngati ndamwa."

A Usta analoza pakona. Panali magiyabokosi atatu, mafuta okhaokha. Pa imodzi panagona mphaka.

"Za kilatchi, izo. Zinachoka m'ma Pijo amene ankanyamula anthu pamsewu wa ku Cairo. Sizifa zimenezo. Masiku anayi, galimoto ili pamsewu. Petulo theka la amene imamwa panopa."

Medhat anayang'ana pakonapo nthawi yaitali. Fakitale ya nsalu inamuchotsa ntchito miyezi isanu ndi itatu yapitayo. Ana atatu. Afaf anamuona akuyang'ana.

"Kilatchi amaponda ndi mwendo uti, Usta?" anafunsa Afaf.

A Usta anapukuta manja pansanza, ngakhale anali atapukuta kale.

*

Kunyumba, mipando yobwereka ya pamaliro inali isanabwezedwe. Inasanjikizana m'khonde. Howayda ankapinda mikanjo ya malemu yokapereka kumzikiti. Medhat ankazungulirazungulira m'chipindamo, kukonza nsalu ya pawindo yoti inali kale bwinobwino.

"Abla, ndilankhule?"

"Walankhula kale ndi maso kugalaja kuja."

"Anthu a kumidzi amadikira minibasi maola awiri. Odwala, akwati, amayi a katundu wa kumsika. Munthu wa Pijo yolimba sagona ndi njala. Ndikudziwa madalaivala atatu amene..."

"Galimoto ija unkaitcha chiyani uli mnyamata?"

Medhat anasiya nsalu ya pawindo ija.

"'Galimoto ya madamu.' Unkatsika kutali ndi geti la sukulu kuti anzako asakuone."

"Tauni yonse inkaitcha choncho! Bambo, munthu dalaivala wa malole, msewu wa ku Benghazi ku Libya akuudziwa ngati njira ya kukhitchini, n'kubwerako ndi galimoto ya zopondera ziwiri ngati choseweretsa ana. Anzawo pa khofi ankawafunsa ngati imadzolanso milomo."

"Ankayankha chiyani?"

"Kuti ndiyo inali yotchipa."

Howayda anaika mkanjo pamiyendo. "Ine ndisalowerere, Abla, koma pa chuma chamasiye Chisilamu chimati magawo awiri ndi a mwana wamwamuna, limodzi la wamkazi. Si ife tinalemba."

"Howayda!"

"Musiye, sakunama," anatero Afaf. "Tengani injini ndi matayala. Ine mundisiyire mpando ndi hutala. Ndizikhala m'khondemo, kuimbira odutsa."

Palibe anaseka.

Medhat anakoka mpando, nakhala pafupi naye. "Ndizikuperekani kusukulu m'mawa uliwonse. Ndizikutengani poweruka. Ndikulumbira pa manda a bambo."

"Manda asiye. Ndi atsopano."

"Kuchipatala, kumsika, kulikonse kumene mungandiuze."

"Nanga ndikafuna kungopita?"

"Kupita kuti?"

"Kulikonse. Osauza munthu."

Medhat sanamvetse. Zinaonekera pankhope.

Afaf anayamba kuyendetsa ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Bambo ake anamutengera kumsewu wa m'mbali mwa ngalande. Anamuonetsa moto, anamuonetsa buleki. Kenako anatsika, natseka chitseko. "Pita ukafike pamlatho, ubwerere. Ine ndili pano." Chiyambire tsiku limenelo mwendo unali nkhani ya pansi. M'galimoto palibe ankauona. Pamsewu ankamutukwana ngati munthu wina aliyense, ndipo iye ankabweza. Lachisanu lina, tsiku lopuma, ankapita ku Alexandria, kudyera nsomba m'galimoto, kuyang'ana nyanja, n'kubwerera. Lina ku Mansoura. Sankadziwa munthu kumeneko. Ubwino wake unali womwewo.

Galimoto ina? Malipiro a mphunzitsi sagula ngakhale chitseko.

"Undipatse sabata," anatero.

*

Lamulungu, tsiku limene sabata ya sukulu imayamba kumeneko, anabwerera kusukulu pa minibasi.

Sitepe yake inamufika m'bondo. Anaika ndodo, anayesa. Anayesanso. Dalaivala anaimba hutala, osati mwachipongwe, mwachizolowezi chabe. Amuna awiri anatsika, anamugwira m'khwapa, namukweza ngati thumba la anyezi. "M'dzina la Mulungu. Osadandaula, mayi."

Mayi wina anamusunthira malo. Anayang'ana chitsulo chija, anayang'ana zovala zakuda.

"Ndi mwamuna wanu?"

"Bambo anga."

"Ndiye mwatsala ndi ndani, mwana wa anthu?"

Potsika, mayiyo anamufinyira kanthu m'manja. Afaf anatsegula dzanja ali pageti la sukulu. Kandalama kopindapinda, kofunda.

Tsiku limenelo anaphunzitsa atakhala pansi.

*

Lachiwiri anakwera sitima ya m'mawa kupita ku Cairo. Medhat anapita naye, osapemphedwa.

Kumsika wa zitsulo zakale, misewu yathunthu ndi zitseko za magalimoto. Magalasi, mabampa. Mainjini opachika ngati nyama kubutchala. Pansi pamaterera ndi mafuta. Ndodo inkatsetsereka.

"Ya otomatiki? Ya Pijo?" anatero woyamba. "Madamu, mundifunse mano a nkhuku, ndikupezerani pofika masana."

"Inalipo," anatero wachiwiri. "Ndinaigulitsa chaka chomwe ndinakwatira. Zonse ziwiri ndimanong'oneza nazo bondo."

Wachitatu anafuna kuwagulitsa ya galimoto ya mtundu wina. "Ilowa, bwana. Ndi nyundo chilichonse chimalowa."

Pa sitolo yachisanu ndi chiwiri, mkulu wina anaika kapu ya tiyi pansi, nati, "Nditsateni." Kuseri, pansi pa mulu wa maladiyeta, panali chinthu chokutidwa ndi chiguduli. Anavundukula.

Afaf anaizindikira: giyabokosi ya otomatiki. Anaonapo yotere kangapo patebulo la kukhitchini, bambo ake ataimasula, mabawuti ali m'mbale za tiyi. Anagwira khoma.

Medhat anagwada m'mafutamo ndi buluku lake labwino. Anabwereka sipanala. Anamasula chivundikiro cha pansi, bawuti imodziimodzi.

Munatuluka madzi a dzimbiri. Kenako mphemvu.

"Ikhoza kutsukidwa," anatero mkulu uja. Iye mwini sanazikhulupirire. Anavundikiranso chiguduli.

Afaf anakhala pa tayala. Pansi pa chitsulo khungu linali litanyuka. Medhat sanaleke. Analowa sitolo ina, inanso, mpaka kumapeto kwa msewu. Afaf ankamuona patali, akujambula giyabokosi m'malere ndi manja, anthu akupukusa mitu. Anabwerako dzuwa litapendeka, atanyamula masangweji awiri a nyemba.

"Wina akuti mwina ku Suez."

"Idya, tizipita."

Pasiteshoni, sitima ya ku Tanta inaima kutsidya. Masitepe otsika, masitepe okwera. Kunatsala mphindi zisanu. Medhat anayang'ana masitepewo, anayang'ana mwendo. Ananjuta, namulozera msana.

"Kwerani."

"Ndine mkulu wako, iwe."

"Mukhalabe mkulu wanga muli kumsana. Kwerani, Abla."

Anakwera. Sanamugwirepo chonchi chikhalire. Mafupa a m'mapewa ankabaya. Kolala ya malaya inali yotembenuza, yosokedwanso pamanja, ulusi wake wosafanana ndi nsalu. Pokwera masitepe omaliza Medhat ankapuma ngati nkhalamba. Munthu wa zaka makumi atatu ndi zisanu.

M'sitima anakhala moyang'anana. Minda, ngalande, nyumba za njerwa zosamaliza. Atadutsa Banha, Afaf analankhula akuyang'ana pawindo.

"Uwauze a Usta ayambe."

"Abla, ku Suez kuja..."

"Ku Suez kulinso mphemvu. Uwauze ndisanasinthe maganizo."

*

Lachinayi masana a Usta anaimba foni. "Bwerani nonse awiri."

Anapita pa tukutuku. Pijo inali pamwamba pa dzenje, zitseko zili chitsegulire. Mphasa ya labala ya kumapazi a dalaivala inali panja. Mawaya ankalendewera pansi pa chiwongolero.

"Ndimati ndiboole bowo la kilatchi," anatero a Usta. "Ndapeza lilipo kale."

Anayatsa tochi. Medhat anagwada, nalowetsa mutu. Afaf anawerama atagwira chitseko.

Mkati, kumanzere kwa buleki, munali kachitsulo kakang'ono ngati chikhatho. Kowotcherera mbali zonse zinayi. Kopakidwa utoto woyera wofanana ndi wa galimoto.

"Taonani pamwambapa," anatero a Usta. "Malo a zopondera ndi atatu. Chachitatu anadula ndi sowo. Galimoto iyi inabadwa ya kilatchi, ana inu. Wina anachotsa zonse, naika otomatiki. Kalekale. Dzimbiri likunena."

"Mwina mwini wake woyamba," anatero Medhat.

"Kuwotcherera uku ndikukudziwa, n'kwa bambo anu. Kuyambira kumanja, kumalizira ndi kadontho pakona. Ndakuona zaka makumi atatu." A Usta anazimitsa tochi. "Nkhalamba yabodza. Ndiye chifukwa chake inkandituma tiyi."

Afaf anawerengera mumtima. Galimoto inabwera kuchokera ku Benghazi mu 1982. Iye anali ndi zaka zitatu. Chaka chimodzi chidwalire. Mayi ake, mpaka tsiku la imfa yawo, ankaikamba nkhaniyo kwa mlendo aliyense: mwamuna anachedwa miyezi iwiri, anabwera wopanda zibangili zagolide zimene analonjeza, koma ndi galimoto yoseketsa tauni yonse.

Anawauza zaka zimenezo. Mawu ake anatuluka ouma, ngati akuwerenga mayankho m'kalasi.

"Mwana wa zaka zitatu sayendetsa galimoto," anatero Medhat, akadali chigwadire.

"Sayendetsa," anavomera a Usta. "Akanamanga ndi mabawuti, ndikanati ankaganiza zodzabwezera pakati apa, mwana akukula. Zaka khumi ndi zisanu si masewera. Koma anawotcherera."

Medhat anaimirira. Nkhope yake inali itasintha.

"Isiyeni, Usta. Musakhudze kanthu."

"Ndiisiye ikhale chiyani? Nyumba ya mphaka wanga?"

"Ndipita ku Suez. Ndipita ku Libya komweko."

"Pita. Ukapeza, ndani aikemo? Ndani azidzaitsitsimutsa mwezi ndi mwezi? Ine sindidziwa, iwe sudziwa." A Usta anakhala pa giyabokosi ina ya pakona ija. "Ndikaisiya, ifera pano. Ndikapitiriza, ntchito yachepa. Malo onse alipo kale. Masiku awiri basi."

Kunja sitima inadutsa. Malata a galaja ananjenjemera. Onse anadikira ithe.

"Boolani," anatero Afaf.

"Abla, sindingathe kuiyendetsa. Ndikanadziwa bwanji kuti..."

"Uiyendetsa. Ana ako sadya utoto woyera." Anatembenukira kwa a Usta. "Mundipatse kanthawi."

Anatsamiritsa ndodo pachitseko, nakhala pampando wa dalaivala. Mpando unali mmene anausiyira. Galasi linali mmene analisiyira.

Anayang'ana pansi. Mphasa ya labala kunalibe, ndiye kunaoneka kapeti yakale ya galimoto, imene sanaionepo. Yonse inali yabwino. Kupatula malo amodzi. Kumanzere kwa buleki, pamene palibe chopondera chilichonse, kapeti inali itatha mpaka pachitsulo. Chitsulocho chinkanyezimira. Kukula kwake ngati nsapato ya munthu wamkulu.

A Usta anaona kumene akuyang'ana.

"Phazi la dalaivala wa malole siliiwala kilatchi," anatero motsitsa. "Zaka zonsezi."

Afaf anakumbukira kaphokoso. Galimoto ikamanyamuka, ikamachepetsa liwiro pokhota, kumapazi kwa bambo ake kunkamveka di. Iye ankayesa akutsatira nyimbo ya pawailesi.

Anagwira mwendo wake wakumanzere ndi manja awiri. Anaunyamula, nauika pamalopo. Nsapato yake sinadzaze ngakhale theka.

Anaika manja pachiwongolero.

Kumbuyo kwake a Usta anali atayatsa kale moto wodulira zitsulo. Ankadikira.